Injini yagwira? Musathamangire paipi yaitali, yambani mwadziwa chimene chaigwira

Pali kaphokoso kena kake kamene aliyense amene anagulapo galimoto yoti inaima nthawi yaitali amakadziwa. Mwaika batire, mwapotokola kiyi, nde mmalo moti injini izungulire mukungomva kuti "kha" kamodzi basi, magetsi a pa dashibodi nkuchita ngati afuna kuzima. Mukayesanso, chimodzimodzi. Apa mpamene anthu oima pambali amayamba kugamula, wina akuti yanoka imeneyo, wina akuti yasiza, wina akuti bweretsani chingwe tiikoke ndi galimoto ina imasuka yokha. Ineyo chimene chimandipweteka nchakuti injini zambiri zimene zikanadzuka bwinobwino zimafera pomwepa, mmanja mwa anthu ofuna kuthandiza, chifukwa choti aika mphamvu asanadziwe chimene chagwira.

Tiyambe tamvana kaye kuti kugwira kwa injini nkutani, poti mawu amenewa anthu amangowaponya pa vuto lililonse. Mkati mwa injini muli mapisitoni amene amakwera ndi kutsika mmasilinda, pisitoni iliyonse ili ndi maring'i ake amene amakhudza khoma la silinda kuti mpweya usathawe komanso oyilo asakwere pamwamba. Pisitoni imalumikizidwa ndi kandodo kachitsulo kotchedwa konirodi ku crankshaft, shafuti yaikulu ya kunsi imene imazungulira mapisitoni akamakwera ndi kutsika, nde crankshaft ija imagona pa maberingi, tizitsulo tofewa timene imazungulirapo. Tsono injini ikamalira crankshaft siikhudza beringi ayi, imayandama pa kaoyilo kochepetsetsa kamene pampu ikukankha, mpata wake pa galimoto zazing'ono zambiri ndi wa pakati pa 0.02 ndi 0.06 mm, kupyapyala kwake ngati tsitsi limodzi kapena kuchepera apo. Injini yogwira ndi imene penapake pa zinthu zolumikizana zimenezi chitsulo chamatirira ku chitsulo chinzake, kapena pali chinthu chatchinga njira, moti crankshaft singazungulire ngakhale ndi dzanja. Ngati simunaiyese ndi dzanja simunganene kuti yagwira, mukungoganizira.

Funso loyamba silifuna sipanala. Mufunseni amene akugulitsayo kapena amene ankaiyendetsa, ndipo mufunsitsitse ndithu, kuti galimotoyi inaima bwanji. Anaiimika ili bwinobwino nkuisiya zaka ziwiri zitatu osaikhudza, kapena inazima yokha ili pa msewu? Isanazime inkagogoda? Kagetsi kofiira ka oyilo kanayaka? Inatentha mpaka nthunzi kutuluka mu boneti? Inawoloka madzi akuya? Ogulitsa ambiri amangoti "ndi batire basi, mukaika lina ilira", nde musakwiye nawo koma musawakhulupirirenso msanga, injiniyo ikuuzani yokha mukayamba kuyang'ana. Ndikukakamira funsoli chifukwa injini yogwira itaima ndi injini yogwira ikuthamanga ndi matenda awiri osiyana kotheratu ngakhale kunja zimaoneka chimodzimodzi. Yoyambayo nthawi zambiri imachira ndi mafuta komanso kudikira. Yachiwiriyo ngakhale muthiremo chani, pamafunika kumasula injini yonse.

Ya dzimbiri imachitika chonchi. Injini ikazima siima mavalavu onse atatseka, pamakhala silinda imodzi kapena ziwiri zimene valavu yatsala yotsegula, kaya ya mbali yolowera mpweya kaya ya ku ekizozi. Mpweya wa kunja umalowa pamenepo, masana kutentha usiku kuzizira, chinyezi nkumasanduka timadontho pa khoma la silinda, ndipo kaoyilo kamene kanatsalira pakhomapo kamakhala katatsetsereka kale kupita mu sampu, beseni la oyilo la pansi pa injini. Maring'i ndi achitsulo, khoma la silinda pa injini zambiri nalonso ndi lachitsulo, nde dzimbiri limamera pakati pawo nkuwamatiriza pamodzi. Ngati galimotoyo anaisiya atachotsa sefa ya mpweya, kapena mapulagi, kapena boneti ili chitsegulire mvula nkumagwerapo, kapena gasiketi ya hedi, imene imatseka mpata wa pakati pa masilinda ndi hedi, mutu wa injini, inali itayamba kale kudonthetsera madzi mu silinda, dzimbiri limakhala lalikulu. Ubwino wake ndi woti kunsi, ku maberingi ndi crankshaft, nthawi zambiri kumakhala kuli bwino chifukwa palibe chinapsa. Pena ndi pisitoni imodzi yokha imene yaimitsa injini yonse.

Yogwira ikuyenda ndi nkhani ina. Oyilo akatha, kapena pampu ikafa, kapena kasefa ka mu sampu kakatsekeka ndi litsiro la oyilo wosasinthidwa, crankshaft imayamba kupala beringi yeniyeniyo, chonsecho ikuzungulira mwina ka 3,000 pa mphindi imodzi. Zimatentha msanga kwambiri, chitsulo chofewa cha pa beringi chimasungunuka nkumatirira pa crankshaft ngati wina wawotcherera, nthawi zina beringi imachoka pamalo pake nkuyamba kuzungulira limodzi ndi shafuti. Uku nkumene amakanika amati kunoka, poti isanagwire imayamba yagogoda kunsi. Ya kutentha nayo ili ndi njira yake, mapisitoni ndi a aluminiyamu, ndipo aluminiyamu akatentha amafufuma pafupifupi kawiri kuposa chitsulo cha silinda, nde madzi akatha mu redieta pisitoni imakula mpaka kudzaza silinda, nkukanda khoma, nkugwira. Iyiyi ndi yonyenga chifukwa ikazizira nthawi zina imamasuka yokha nkulira, mwini wake nkumati palibe vuto, pomwe mkati makoma akandika ndipo hedi mwina yapindika.

Palinso madzi. Pisitoni ikamakwera imapanikiza mpweya, mpweya umalola kupanikizika koma madzi salola. Akalowa mu silinda, kaya kudzera ku sefa ya mpweya powoloka pakuya, kaya a mu redieta kudzera pa gasiketi yophulika, ngakhalenso mafuta a injekita yodontha, pisitoni imafika pamenepo nkuima ngati yagunda mwala. Zikachitika injini ikungoyesedwa ndi sitata mwina mupulumuka, koma ngati inali pa liwiro konirodi imapindika, ndipo pa dizilo zimavuta kwambiri chifukwa mpata wotsala pamwamba pa pisitoni ndi wochepa zedi, timadzi tochepa chabe ndi tokwanira. China ndi lamba wa taimingi. Pa injini zambiri za masiku ano mavalavu ndi mapisitoni amadutsa malo amodzi mosinthana, lamba kapena tcheni ndiye chimaonetsetsa kuti asakumane. Lamba akaduka kapena kudumpha mano, pisitoni imamenya valavu yotsegula, nkuipinda kapena kuidula mutu.

Tsopano musanaiimbe mlandu injini, chotsani kaye zinthu zimene zimainamizira, ndipo nzambiri kuposa mmene anthu amaganizira. Batire lodzadza bwino limawerenga mavolti 12.6 pa mita, likafika cha mma 12.0 ndiye kuti lafooka kwambiri, ndipo pamene mukuliza lisatsike kupitirira 9.6. Mukamva "khakhakhakha" mofulumira, limenelo ndi batire kapena matemino a dzimbiri kapena waya wa negetivu wopita ku bodi wamasuka, si injini. Mukamva "kha" kamodzi magetsi osasintha, kayikirani sitata yeniyeniyo. Mukamva "kha" kamodzi magetsi nkuzimiratu pamene batire lili labwino, ndiye kuti sitata ikukoka moto wambiri koma ikulephera kusuntha china chake, apa siyani kiyi msanga, musamangoigwirira chifukwa muwotcha sitata ndi mawaya omwe. Sitata imathanso kukodwa mano ake mu flywheel, gudumu lalikulu la mano la kumbuyo kwa injini, nkukhala chomwecho, ichotseni, ndi mabawuti awiri kapena atatu basi. Kenako chotsani lamba wa kunja uja amene amazunguza altaneta, kompulesa ya AC ndi pampu ya sitiyaring'i, muzizunguze chimodzi chimodzi ndi dzanja. Altaneta yoti yakhala zaka osazungulira imachita dzimbiri mpaka kuimitsa injini yonse, ndinaonapo ndi maso anga injini imene anthu anali atavomereza kale kuti yafa ikuzungulira mofewa lamba atangochotsedwa. Pa manyuwo onetsetsani kuti ili pa nyutulo zenizeni, pena kandodo ka giya kamaoneka ngati kali pakati pomwe mkati giya yakodwa, komanso klatchi imatha kumatirira ku flywheel. Mukakayika kwezani matayala oyendetsa, muike galimoto pa masitandi olimba osati pa jeke yekha, muone ngati matayalawo akusuntha pamene mukuzunguza injini.

Nde tafika poyesa ndi dzanja. Chotsani kaye waya wa negetivu pa batire, chifukwa sipanala yaitali ikakhala pa pule, kagudumu ka lamba ka kutsogolo kwa crankshaft, wina nkupotokola kiyi imathyola mkono. Chotsani mapulagi onse ngati ndi ya petulo, ngati ndi ya dizilo chotsani ma glow plug, timapulagi totenthetsa silinda poliza, kapena mainjekita, koma muyambe mwapemerera fumbi lozungulira mabowo kuti lisagwere mkati, ndipo ma glow plug akale muwamasule mofatsa poti amaduka mosavuta. Kuchotsa mapulagi kumachotsa kompuleshoni kuti injini ipepuke, komanso kumapatsa madzi potulukira ngati alimo. Muwayale mapulagiwo motsatana mmene anachokera. Pulagi ya dzimbiri kapena yonyowa ikukulozerani silinda imene ili ndi vuto, pulagi yophwanyika kunsonga ikukuuzani kuti pali chinthu chinaduka mkatimo ndipo musazunguzenso. Kenako ikani soketi pa bawuti lalikulu la pakati pa pule ya crankshaft, kawirikawiri ndi 19, 21 kapena 22, ndi chogwirira chachitali bwino, muzunguze mbali imene injini imazungulira. Injini zambiri mukayang'anizana ndi pule zimayenda ngati wotchi, koma za Honda zakale monga D ndi B series zimayenda mobwerera, nde fufuzani kaye yanuyo. Injini yabwino yopanda mapulagi imazungulira ndi dzanja limodzi. Muizunguze kawiri kathunthu, madigiri 720, chifukwa camshaft, shafuti imene imatsegula mavalavu, imazungulira kamodzi crankshaft ikazungulira kawiri, mukangozunguza kamodzi ndiye kuti simunaone mavalavu onse akugwira ntchito.

Zimene dzanja lanu limve pamenepa muzimvetsere bwino. Ikayenda pang'ono madzi nkutumphuka pa bowo la pulagi, mwapeza vuto. Ikayenda ndithu kenako nkugunda cholimba, mukabwerera mmbuyo nkugundanso, ndi valavu kapena chinthu chogwera mu silinda, kapenanso mzere wa dzimbiri umene uli pamwamba pa pisitoni, kusiyana kwake nkwakuti valavu imagunda mwadzidzidzi ndi kaphokoso ka chitsulo pamene dzimbiri limayamba kulimba pang'onopang'ono. Ikakhala kuti siikusuntha ngakhale pang'ono, ndi maring'i kapena beringi. Apa mpamene munthu amakatenga paipi yaitali nkuivekeza pa sipanala nkuimirirapo. Chonde musatero. Bawuti la pule likadukira mkati mwa crankshaft mwadziwonjezera ntchito yaikulu, mukakankhira mobwerera limangomasuka, ndipo ngakhale bawutilo lipirire mphamvuyo imakathera pa maring'i amene amathyoka, kapena timizere ta pisitoni timene timagwira maring'i, kapena konirodi. Kukoka ndi galimoto ina nkuponya klatchi nkoipa kuposa pamenepo, poti kulemera konse kwa galimoto kumagwera pa pisitoni imodzi nthawi imodzi. Pa otomatiki sizithandiza nkomwe, mungowononga giyabokosi.

Musanathire chilichonse muyang'ane oyilo, iye sanama. Sololani dipisitiki. Ikakhala youma, kapena pali kaphula kakuda konunkha kupsa, yambani kukayikira maberingi. Ngati oyilo wachuluka kupitirira mzere ndipo ndi wotuwa ngati matope, muli madzi. Masulani bawuti la pansi pa sampu pang'onopang'ono, madzi amalemera kuposa oyilo nde pa galimoto yoima nthawi yaitali ndi amene amayamba kutuluka. Oyiloyo mumukhetsere mu beseni loyera mupite naye padzuwa, mukaona tinthu tonyezimira ngati mchenga wa golide kapena siliva, amenewo ndi maberingi anu. Tsegulani sefa ya oyilo mutambasule pepala la mkati, tizitsulo timabisala mmakwinya ake, koma musadule ndi sowo ya zitsulo poti utuchi wake ukusokonezani. Ngati sampu ikuchoka mosavuta ichotseni, nkhani yonse imaonekera pamenepo, konirodi imene yasanduka yabuluu kapena yakuda cha ku crankshaft yapsa imeneyo, ndipo zothira mafuta mmasilinda muiwale. Kakamera kakang'ono ka pa waya kolumikiza ku foni kamathandizanso kwambiri, mumakalowetsa pa bowo la pulagi nkuona nokha ngati khoma lili ndi kadzimbiri kapamwamba chabe, kapena zibowo zakuya, kapena mikwingwirima yotsika ya pisitoni imene inakanda.

Tinene kuti oyilo mulibe tizitsulo, mbiri ikuti inaimikidwa ili moyo, kamera yaonetsa dzimbiri. Apa ndiye kumasula kwenikweni kukuyamba, ndipo chimene chimagwira ntchito yaikulu ndi masiku. Thirani mafuta olowerera mu silinda iliyonse kudzera pa bowo la pulagi, okwanira kuphimba pamwamba pa pisitoni ponse kuti afike mmbali monse mwa maring'i. Pa zothira anthu amatsutsana kwambiri. Ena amagwiritsa ntchito dizilo, ena ATF, oyilo wofiira wa giyabokosi ya otomatiki uja, ena amasakaniza ATF ndi acetone theka ndi theka, ena amagula zopangidwa kale ngati PB Blaster kapena Marvel Mystery Oil. Ine ndimakonda ATF wosakaniza chifukwa acetone amamupepukitsa kuti alowe mtimipata, iye akauluka oyilo nkutsala mkati, koma dziwani kuti ziwirizi zimalekana zikakhala nde mukhutchumule botolo musanathire, komanso acetone amayaka mosavuta ndipo amadya penti, fodya ndi moto zikhale kutali. WD-40 amathandiza pang'ono koma ndi wopepuka pa ntchito iyi, ntchito yake yoyamba inali yothamangitsa madzi ndipo dzinalo likuchokera pamenepo, WD ikuimira "water displacement". Zimene sindingalole ndi asidi wa batire kapena mankhwala ena odya chitsulo, amenewo sasiyanitsa dzimbiri ndi pisitoni. Mukathira bwezerani mapulagi mongokhazika kuti fumbi lisalowe, musiye. Mawa muone. Silinda imene mafuta atsika ndiye kuti njira yatseguka, imene mafuta akadali pomwepo ndiye yogwirayo, muzionjezera. Pa injini za V masilinda amapendekeka, ndipo pa za Subaru zogona chammbali zija mafuta amangokhala mbali ya pansi, nde pamafunika ochuluka kapena kupopera mobwerezabwereza kuti mbali ya mmwamba nayo inyowe.

Tsiku lililonse ikani sipanala ija muyese, koma osati kukankha mbali imodzi mpaka mitsempha kutuluka pakhosi, muzigwedeza, patsogolo pang'ono mmbuyo pang'ono, ndi mphamvu ya mkono wamba, ndipo mmbuyo musapite patali poti lamba kapena tcheni cha taimingi chimatha kudumpha dzino chikamazunguzidwa mobwerera. Lembani kachizindikiro ka choko pa pule ndi pa buloko kuti muone ngati yasuntha, chifukwa kusuntha koyamba kumakhala kochepa moti maso okha sangaone, mwina milimita imodzi. Milimita imodziyo ikutanthauza kuti dzimbiri lasweka, mafuta apeza polowa. Musatengeke nkufuna kumaliza tsiku lomwelo, thiraninso, gwedezani mkati mwa malo omwe ikulola, malowo amakula okha, lero chala chimodzi mawa zala zitatu. Ina imamasuka pa masiku awiri, ina imafuna masabata awiri atatu. Ngati bawuti la pule likumasuka pobwerera pali njira ina, pa bowo la sitata mumaona mano a flywheel, mukhoza kuikapo tayaliva kapena sikuludiraiva yaikulu nkumasuntha dzino limodzi limodzi, pamenepo mphamvu imachuluka chifukwa flywheel ndi yaikulu, koma dzino likathyoka ndi vuto lina nde mofatsa. Pa manyuwo mukhozanso kuika giya yapamwamba, 4 kapena 5, anthu awiri nkumaigwedeza galimoto kutsogolo ndi kumbuyo pamalo athyathyathya, mapulagi atachotsedwa. Giya 1 siithandiza, chifukwa mphamvu ikamachokera ku matayala kupita ku injini, giya yapamwamba ndi imene imazunguza crankshaft mosavuta.

Pamene mukudikira, tsegulani chivindikiro cha pamwamba muone mavalavu. Anthu ambiri amaiwala kuti nawonso amachita dzimbiri mmipata yawo yodutsa, nde pisitoni ikhoza kumasuka bwinobwino nkukamenya valavu imene yakanirira pansi. Thirani oyilo pa camshaft ndi pa masipuling'i onse, valavu imene yatsika osabwerera muipopere mafuta nkumaigogoda pang'ono ndi kamtengo mpaka sipuling'i iibweze yokha. Pakadutsa masabata atatu popanda kusintha, chotsani hedi. Kunena zoona pa injini ya dzimbiri lalikulu ine ndimaona kuti ndi bwino kutero kuyambira pachiyambi, poti mumatha kupala dzimbiri la pamwamba pa pisitoni ndi sandipepa wosalala nkupukuta bwino pisitoni isanadutsepo, mmalo moti maring'i akhale ndiwo opala. Kenako dulani mtengo wolimba wokwana bwino mu silinda, muuike pa pisitoni, muzimenya mtengowo ndi hamala, osati kumenya pisitoni ndi chitsulo. Sankhani pisitoni imene ili pakatikati pa ulendo wake. Imene ili pamwamba penipeni kapena pansi penipeni konirodi yake yaima chilili pa crankshaft, nde mukamenya simukuzunguza kanthu, mukungophwanya beringi. Zikakanikabe ndiye kutsitsa injini, kumasula makonirodi kunsi ndi kutulutsa mapisitoni imodzi imodzi.

Ikazungulira, musathamangire kuika mapulagi. Mmasilinda mukadali mafuta aja, mukatseka nkuliza mupanga nokha vuto la madzi lija, konirodi nkupindika pa injini imene mwaivutikira mwezi wathunthu. Zunguzani ndi dzanja maulendo ambiri mpaka izipita mofanana popanda polimba, mafuta otsala muwakoke ndi sirinji ndi kapaipi. Oyilo wakale ndi sefa zichoke musanakhudze kiyi, chifukwa zonse munathira zija zatsikira mu sampu pamodzi ndi dzimbiri. Oyilo watsopano, sefa yatsopano, sipanala ichoke pa pule, fyuzi ya pampu ya mafuta ndi mawaya a makoyilo achotsedwe kuti pasathetheke moto pafupi ndi nthunzi ya acetone, nsanza pa mabowo a mapulagi, nde mubwezere batire muzunguze ndi sitata masekondi 10 kapena 15 nkuipumitsa, mubwereze mpaka kagetsi ka oyilo kazime, kusonyeza kuti oyilo wafika ku maberingi. Petulo wogonera zaka amasanduka ngati vanishi ndipo amamatiriza mavalavu ndi mainjekita, mukhetseni yense. Lamba wa taimingi wokhalitsa musinthe ngakhale akuoneka bwino, labala amakalamba ngakhale galimoto itaima. Musuzumirenso mu bokosi la sefa ya mpweya, makoswe amakonda kumangamo zisa, ndipo mufinye mapaipi a madzi muone ngati sanaume.

Polira koyamba itulutsa utsi wambiri wabuluu kapena woyera, ndi mafuta aja akupsa mu ekizozi, chitirani panja osati mu galaja yotseka chifukwa utsi wa galimoto umapha munthu asanazindikire. Musaponde moto. Isiyeni ilire payokha, diso pa kagetsi ka oyilo ndi pa geji ya kutentha, khutu kunsi. Ka "tiki tiki" kochokera pamwamba kwa mphindi zochepa sikodetsa nkhawa, oyilo akudzaza, koma kugogoda kolemera kochokera kunsi kumene kukukula mukaponda pang'ono, zimitsani pomwepo. Ikatentha bwino yesani kompuleshoni. Ya petulo yathanzi imapereka cha pakati pa 130 ndi 190 psi malinga ndi mtundu wake, ya dizilo imapitirira 300, koma chofunika kwambiri nchakuti masilinda asasiyane kupitirira 10 kapena 15 peresenti. Pa petulo silinda ikatsika thiranimo oyilo pang'ono, ngati 5 ml, muyesenso, nambala ikakwera ndiye kuti maring'i ndi amene akutaya, ikapanda kusintha ndi valavu kapena gasiketi. Pa dizilo zothira oyilozi musachite, mpata uja ndi wochepa. Maring'i amene anamatirira mmizere yawo nthawi zina amamasuka okha injini ikatentha ndi kuzizira kangapo, nde musaweruze tsiku loyamba, yendani nayo pang'ono, sinthaninso oyilo pakatha makilomita mazana ochepa, muyesenso.

Ndinene mosabisa kuti injini yomasulidwa ku dzimbiri sikhala yatsopano. Ngati dzimbiri linali lapamwamba ikhoza kuyenda zaka ndithu, ngati linakumba zibowo pakhoma izidya oyilo ndi kufuka mpaka mutakabooletsa masilinda nkuika mapisitoni okulirapo, amene amabwera mmasaizi ngati 0.25 ndi 0.50 mm. Ya maberingi opsa crankshaft imafunika kukapalidwa ku makina nkuika maberingi okhuthala molingana, makonirodi kuyezedwa, timipata tonse todutsa oyilo kutsukidwa poti kachitsulo kamodzi kotsalira kamapha maberingi atsopano, ndipo ngati ili ndi turbo nayonso inamwa oyilo yemweyo. Mabuloko ena a aluminiyamu okhala ndi khoma lapadera, monga Nikasil kapena Alusil pa BMW ndi Porsche zina, saboolekanso mwachisawawa. Apa muwerengere bwino, kawirikawiri kupeza injini ina yathunthu imene mwaimva ikulira kumaposa kukonza yopsa, makamaka buloko ikakhala ndi mng'alu kapena bowo pambali pamene konirodi inatulukira. Nde mukamapita kukaona galimoto yoti "inangofa batire", mchikwama mukhale soketi, chogwirira chachitali, sipanala ya mapulagi, mita ndi tochi, ndipo mupemphe mwini wake akuloleni kusolola dipisitiki ndi kuzunguza pule kawiri musanayambe kukambirana za ndalama.